Star Wars, City, Technic kapena thumba la pakaunjika: tinjerwa titi tiyenera dola yathu kuno ku Harare?

Mkangano unabuka pakhonde pa alamu anga ku Mabvuku, Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi. Iwo anali atangolandira bokosi la LEGO, tinjerwa tapulasitiki tomangira zidole, kuchokera ku Johannesburg, ndege ya Star Wars yotuwa ngati phulusa, ndipo anachezera nayo mausiku awiri pa nyali ya sola mpaka kuimaliza. Itatha anaikhazika m'kabati ya magalasi, pakati pa mbale za alendo ndi matambula aja amatuluka pa Khirisimasi pokha. Mwana wawo wa zaka 9 anaizungulirazungulira kabatiyo sabata yathunthu, ndiye tsiku limenelo analimba mtima.

"Ababa, tiiphwasule timange kombi?"

"Iwe, ukudziwa ndalama imene yalowa pamenepo? Usayerekeze n'komwe kutsegula."

Mwanayo anatembenukira kwa ine. "Amalume, kwanu kuja mumalola."

Ndimaloladi, ndipo pamenepo mpamene ine ndi alamu timasiyanirana. Ndakhala ndikutolera tinjerwa timeneti pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, ena togula tatsopano, ambiri ta pakaunjika, ndipo anzathu a kutchalitchi ndi a kuntchito akafuna kugulira ana amandifunsa kuti atenge mtundu uti. Muyezo wanga ndi umodzi wokha: bokosilo lidzamangidwa n'kuphwasulidwa kangati lisanaiwalike? Alamu amayeza ndi maso, kuti chinthucho chikuoneka bwanji mlendo akalowa pabalaza. Zimene ndilembe pano ndi za muyezo wangawo, choncho amene mumagulira kabati mundikhululukire.

Timakangana za mitundu, koma pansi pa mitundu yonseyi pali kanjerwa kamodzimodzi. Kampani ya LEGO anaiyambitsa kalipentala, Ole Kirk Christiansen, m'tauni ya Billund ku Denmark mu 1932, ndipo poyamba ankasema zidole zamatabwa. Tinjerwa tapulasitiki tinabwera mu 1949, koma tinkangosanjikizana, kukhudza pang'ono nyumba yagwa. Luso lenileni linatulukira mu 1958, ataika timapaipi kunsi kwa kanjerwa kuti timitu ta kanzake tizilowa n'kugwira nganganga. Kanjerwa ka chaka chimenecho kamalumikizanabe ndi kamene kaumbidwa chaka chino. Ndipo mutatenga tinjerwa 6 tofanana, ta timitu 8 kalikonse, njira zotilumikizira zimaposa 915 miliyoni. Ndiye munthu agule chinthu chotere, achimange njira imodzi yokha, kenako achitsekere? Agogo athu, amene anachoka ku Dedza kubwera kudzagwira ntchito mzinda uno ukadali Salisbury, ankatipangira magalimoto a waya. Galimoto ya waya sinkatha. Lero ndi lole, mawa mwaiwongola yasanduka basi, mkuja yataya matayala yasanduka ngolo. Ine tinjerwa ndimationa choncho.

Palinso nkhani ya njira imene bokosi limayenda kuti lifike m'manja mwathu. M'masitolo a zidole a cha ku Borrowdale mabokosi enieni amapezeka, koma mitundu ndi yochepa ndipo mtengo wake munthu umayamba wakhala pansi. Ambiri timatuma. Sitolo yoyamba yovomerezeka ndi kampaniyi ku South Africa inatsegulidwa ku Sandton City mu 2018, ndipo kuchokera kumeneko bokosi limakwera basi, limagona pamzere pamalire a Beitbridge, n'kudzatsikira pa siteshoni ya mabasi ya Roadport makona ataphwanyika. Wolinyamula amafuna yake, msonkho ulipo, ndipo zonsezi timalipira m'madola a ku America omwe tawapeza movutikira. Kwa ambiri a ife bokosi ndi limodzi pachaka, pa tsiku lobadwa kapena pa Khirisimasi. Mukalakwitsa kusankha mwalakwitsa chaka chonse.

Tiyambe ndi ndege ya alamuyo. Star Wars inalowa m'gulu la LEGO mu 1999, ndipo kuyambira pamenepo kampaniyi inazolowera kugula chilolezo kwa eni mafilimu. Chilolezo sichaulere, ndipo amene amachilipira pomaliza ndi inu. Ikani bokosi la Star Wars pambali pa la Creator (mtundu wa LEGO wosachokera m'filimu) la mtengo wofanana, muwerenge nambala ya tizidutswa yomwe imalembedwa pachikuto, muona nokha kumene ndalama yapita. Sindikukana kuti ndegezo n'zokongola. Ndege yaikulu yotchedwa Millennium Falcon, yomwe inatuluka mu 2017 ndi tizidutswa 7,541 pamtengo wa madola 800 ku America, ndi ntchito yoti ngakhale mmisiri wa nyumba angaime n'kugwira pakamwa. Koma tsegulani thumba lililonse la mtunduwu: zotuwa zowala, zotuwa zakuda, zakuda zenizeni, mapiko osongoka, timapuleti topyapyala. Mwana akafuna kumanga nyumba ya agogo ake, khoma alipeza kuti? Zenera alipeza kuti? Chinanso n'chakuti okonda mtunduwu ambiri sagula ndege, amagula tianthu tomwe tili m'katimo, ndipo kampani ikudziwa. Kamunthu kofunidwa kwambiri amakabisa m'bokosi lodula, kuti wofuna mutu umodzi agule ng'ombe yonse.

City ndi nkhani ina. Dzinali linakhazikika mu 2005, koma mizu yake ili mu 1978 pomwe anayamba kupanga tauni ya tianthu. Okonda tinjerwa akuluakulu amaunyoza mtunduwu, ati chaka chilichonse ndi polisi ndi ozimitsa moto, polisi ndi ozimitsa moto, ngati mzinda wonsewo ndi wa akuba ndi malawi okhaokha. Akunena zoona. Amadandaulanso ndi tizidutswa tikulutikulu toumbiratu, monga mphuno ya ndege kapena thupi la boti, tomwe sitingasanduke china chilichonse. Apanso akunena zoona, ndipo mabokosi otere ndimawalambalala. Koma City ili ndi zimene mwana wa ku Mabvuku kapena ku Mufakose amaziona tsiku ndi tsiku: matayala, zitseko, mawindo, chiwongolero, mipando, lole ya zinyalala, basi. Mwana wa achemwali anga uja anatenga ambulansi, anachotsa nyali za pamwamba, anapanikiza tianthu 7 pamalo pa awiri, mmodzi atalendewera pakhomo, n'kunena kuti iyi ikupita ku Fourth Street. Palibe kabuku kamene kanamuuza zimenezo. Pakati pa awiriwa, ngati wogulidwayo sanakwane zaka 12, City yapambana popanda kupikisana. Ngati ndi bambo wa ndevu amene akufuna chokongoletsa pabalaza, agule Star Wars, koma asanamizire mwana.

Pali kanthu kena kamene olankhula za zidolezi kunja sakonda kukatchula koma ana athu amakaona msanga. Kuyambira 1978 tianthu tinali ta nkhope yachikasu, kampani ikuti chikasu si mtundu wa munthu aliyense. Mu 2003, popanga osewera basketball a NBA, anayamba kuika khungu lofanana ndi la anthu enieni, ndipo chaka chotsatira anachita chimodzimodzi ndi mitundu yochokera m'mafilimu. City mpaka lero ndi yachikasu. Tsono mwana akanena kuti akufuna kamunthu kofanana naye, mukapeza m'mabokosi a mafilimu aja ndangowanyozawa, kapena mu Friends. Apa ndimavomera kuti muyezo wanga umapunduka pang'ono.

Friends yomweyo, yomwe inayamba mu 2012, anthu amaipeputsa ati ndi ya atsikana. Abambo ena angalole mwana wamwamuna kukhala opanda chidole kusiyana n'kumugulira bokosi lofiirira. Akuluza. Mulibe mtundu wina umene uli ndi ziwiya za m'nyumba zochuluka chonchi: mapoto, makapu, mabedi, mbaula, maluwa, ziweto, ndi makoma a mitundu yowala oti n'kumangira golosale kapena saluni. Chofooka chake ndi tianthu take. N'tatitali, tooneka bwino, koma miyendo imayendera limodzi ndipo manja sazungulira pamkono, kotero sitikhala bwino pa mipando ya City. Ninjago, ya mu 2011, sindichedwapo. Ili ndi zinjoka ndi maloboti okhala ndi mfundo zopindika, tizidutswa tambiri pa mtengo wabwinoko chifukwa nkhaniyo ndi ya kampani yomwe, palibe wolipidwa chilolezo. Mwana amene amaonera katuni yake aikonda. Amene saonera angoona ankhondo ovala zophimba kumaso. Duplo, ya mu 1969, ndi tinjerwa tikulutikulu kawiri mbali zonse, ta ana osakwana zaka 5. Ngati m'nyumba muli wokwawa, musakambirane zambiri, gulani imeneyo, chifukwa tating'ono tija timathera m'kamwa.

Tsopano Technic, ndipo apa ndikhalitsa chifukwa mtima wanga uli pomwepa. Mtunduwu unayamba mu 1977. Masiku ano mulibe tinjerwa tambiri ta timitu. Muli mipiringidzo yobooka, timapini tolowetsa m'mabowomo, maekiselo a mtanda ndi magiya a mano osiyanasiyana. Mnzanga wina amakonza magalimoto ku Magaba, ku Mbare, munthu woti sawononga ndalama pa zachibwana. Tsiku lina ndinamusonyeza Land Rover Defender ya Technic, ya mu 2019, ya tizidutswa 2,573, yomwe mnzathu wina anabwera nayo kuchokera kunja. Anaitembenuza chagada, anazungulitsa tayala limodzi lakumbuyo, linzake n'kuzungulira chobwerera. Anakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Achimwene, iyi ndi difu yeniyeni. Ana amene ndimawaphunzitsa ntchito amatha miyezi asanamvetse chimene chikuchitika umu." M'galimoto imeneyo muli madifu atatu (magiya olola matayala kuzungulira pa liwiro losiyana pokhota), giyabokosi ya magiya 4 ndi injini ya mapisitoni 6 omwe amakwera n'kutsika mukamaikankha. Palibe mtundu wina umene umaphunzitsa chonchi. Kwa mwana uja amamasula wailesi kuti aone amene akulankhula m'katimo, Technic ndi sukulu.

Koma ili ndi minga yake. Choyamba, sikhululuka. Mukaika giya imodzi chozondoka pa tsamba la 40, mudzazindikira pa tsamba la 300 pomwe matayala akukana kuyenda, ndipo kuti mukafike pa giyayo muyenera kuphwasula theka la galimoto. Ine zinandichitikira pa kathirakitala kakang'ono, magetsi atathima, ndikumanga ndi tochi ya foni pakamwa. Cholakwa chinali changa, koma zala zinatupa masiku awiri ndi kuzula timapini. Chachiwiri, Technic sisakanikirana mosavuta ndi tinjerwa wamba, ndiye ngati m'nyumba muli kale chidebe cha City, bokosi la Technic likhala ngati mkamwini wosalankhula chinenero cha pamudzi. Chachitatu, magalimoto akuluakulu a masiku ano akupita njira yomweyo ya kabati: mapanelo osalala, zomata zambirimbiri, dzina la kampani ya magalimoto pachikuto, ndi chilolezo chake pamtengo. Ndipo ena amayendetsedwa ndi pulogalamu ya pafoni. Amenewo ine ayi. Mabatire ndi ndalama, foni m'nyumba ndi ya amayi ndipo ili ndi ntchito zake, komanso pulogalamu ikadzasiya kugwirizana ndi mafoni atsopano mudzatsala ndi galimoto yogona. Tengani Technic yaing'ono kapena yapakati, yoyendetsa ndi dzanja, makamaka makina a ntchito: kireni, thirakitala, chofukula dothi. Mmenemo ndi momwe muli magiya ambiri pa dola iliyonse.

Nanga bokosi limodzi la pachaka lija likhale liti? Ine ndimati Creator ya zitatu m'bokosi limodzi, ndipo pambuyo pake Classic. Creator imabwera ndi malangizo a zinthu zitatu zosiyana zomangidwa ndi tizidutswa tomweto, choncho bokosi lenilenilo limauza mwana kuti phwasula, usaope. Akamanga chachitatu amakhala atazolowera kuti kanjerwa komwe kanali phiko kakhoza kukhala denga, ndipo chachinayi amapeka yekha. Mulibenso zomata zambiri, ndipo palibe filimu yoti ilipidwe. Classic ndi chidebe cha tinjerwa wamba ta mitundumitundu. Vuto lake n'lakuti mitundu imachuluka kuposa kuchuluka kwa tinjerwa ta mtundu umodzi, ndiye nyumba imatuluka ya mawangamawanga ngati chitenje. Ana sasamala zimenezo. Amene amasamala ndi ife akuluakulu. Mwana wina amazizira akapatsidwa mulu wopanda malangizo, sadziwa poyambira, n'chifukwa chake ndimaika Creator patsogolo.

Tifike pa tianthu togulitsidwa patokha, chifukwa apa mpamene ndalama za anthu anzeru zimatayikira. Mndandanda woyamba unatuluka mu 2010, tianthu 16 tosiyana, kalikonse m'kapaketi kosaonekera m'kati. Akatswiri ankaima m'sitolo n'kumapapasa mapaketi ngati amayi akusankha mapeyala pa Mbare Musika, kufunafuna chipewa kapena lupanga lodziwikiratu. Kenako chiwerengero chinatsika kufika pa 12, ndipo mu 2023 mapaketi analowedwa m'malo ndi timabokosi ta katoni, kupapasa n'kutha. Ku America kamodzi ndi madola 5 kuchotsapo senti. Tiwerengere limodzi. Ngati mwayi wotola kalikonse uli wofanana, masamu amanena kuti wogula mwachimbulimbuli amafunika timabokosi pafupifupi 37 kuti akwanitse tonse 12. Amenewo ndi madola 185 pa mtengo wa kumeneko, tisanaikepo za basi ndi za Beitbridge, ndipo m'manja mwatsala tianthu 25 tobwereza. Ndalama imeneyo ikanagula mabokosi angapo a Creator. Kuyambira 2024 anthu anatulukira kuti kachizindikiro ka kunsi kwa kabokosi, kakajambulidwa ndi foni, kamaulula amene ali m'katimo. Zabwino kwa amene waima yekha m'sitolo. Ife amene timatuma munthu wa pabasi, yemwe alinso ndi mndandanda wa mafuta ophikira ndi mabulangete a anthu khumi, tingamuuze kuti aime pashelefu azijambula timabokosi?

Tianthu timeneti n'tokongola, ndisakunamizeni. Kusindikiza kwake n'kwaudongo ndipo timabwera ndi tizipangizo tosapezeka kwina. Kamodzi kapena tiwiri ngati mphatso, palibe vuto. Choipa ndi mtima uja wofuna kumaliza mndandanda, ndipo opanga amaudziwa bwino mtima umenewu. Mu 2013 anabisa kamunthu kagolide, Mr. Gold, tokwana 5,000 basi dziko lonse lapansi, anthu n'kugula makatoni athunthu pokafunafuna. Ena amati kutolera ndi kusunga chuma, mtengo udzakwera. Kumene kuli msika, zimachitikadi. Pali BrickLink, msika wa pa intaneti womwe kampani ya LEGO inaugula mu 2019, komwe kamunthu kosowa kamagulidwa ndalama zambiri. Koma wogulayo ali ku Germany kapena ku America. Mukawerengera zotumizira kuchokera kuno ndi mmene ndalamayo ingakufikireni, phindu lathera panjira. Muno mu Harare ndani angakupatseni madola 50 pa kachidole kotalika masentimita 4? Tikayerekeza ndi zidole za mitu ikuluikulu za Funko Pop, kamunthu ka LEGO kamapambanabe, chifukwa mutu, thupi ndi miyendo zimasinthana ndipo kamalowa m'masewera. Funko ntchito yake ndi kuima m'bokosi lake. Ndipo amene amaiona ngati banki akumbukire kuti mu 2023 kampani ya Funko yomweyo inalengeza kuti itaya katundu wa madola osachepera 30 miliyoni chifukwa nkhokwe zinadzaza.

Tsono pali funso lomwe aliyense amafunsa motsitsa mawu: nanga zija za m'tauni, zotchipa zija? Apa tisiyanitse zinthu ziwiri. Kupanga tinjerwa tolumikizana ndi ta LEGO si mlandu. Umwini wa lusolo unatha kalekale, ndipo kampaniyi itayesa kuteteza maonekedwe a kanjerwa ngati chizindikiro chake inagonja ku khothi lalikulu la Canada mu 2005 ndi ku khothi la European Union mu 2010. N'chifukwa chake kuli Mega, yomwe Mattel inaigula mu 2014, ndi Cobi ya ku Poland yomwe imapanga akasinja ndi ndege zankhondo, zinthu zomwe LEGO imazipewa. Amenewa amapeka zawo. Mlandu ndi kukopera bokosi lonse, chithunzi, malangizo ndi tianthu tomwe, monga inkachitira kampani ya Lepin mpaka apolisi a ku China anathyola mafakitale ake mu Epulo 2019.

Ine ndinapsapo. Ndinagula bokosi lalikulu m'kasitolo kena ka m'tauni, chithunzi chake chonyezimira, siteshoni ya sitima yathunthu, pa mtengo wa nkhuku ziwiri. Chikomekome cha mkuyu. Nditatsegula, fungo la pulasitiki linadzaza chipinda ngati wina akuwotcha matayala. Tinjerwa tina tinkagwira mpaka kufuna mano, tina tinkagwa tokha mukapumira pafupi. Manja a tianthu anathyoka tsiku lomwelo, ndipo matayala awiri munalibe. Nditabwerera, wogulitsa anangondiloza chikwangwani choti katundu wogulidwa sabwezedwa. Koma ndisanamize: ndagwirapo tinjerwa ta makampani ena a ku China tomwe tinali tolimba bwino, toti mutatseka maso simungasiyanitse msanga. Vuto n'lakuti simungadziwe bokosi lisanatsegulidwe, ndipo kwa mwana wamng'ono amene amaluma chilichonse, ine sindiyesa mwayi ndi pulasitiki yosadziwika kochokera.

N'chifukwa chake mpikisano wonsewu, kwa ine, amapambana ndi amene sali pa shelefu iliyonse: thumba la pakaunjika. M'mabelo a zidole amene amatsegulidwa cha ku msika wa Mupedzanhamo, ndi pa matebulo a msika wa ku Avondale, nthawi zina mumapezeka timatumba ta tinjerwa tosakanikirana, totsalira kwa ana a kunja amene anakula. Sizipezeka tsiku lililonse. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukalipeza, khalani pansi musankhe. Kanjerwa keniekeni kali ndi dzina la LEGO pa kamutu kalikonse, tizilembo tating'onoting'ono toti muyang'ane mopendeketsa padzuwa, ndipo kamunthu keniekeni kali nalo pamwamba pa khosi mukazula mutu. Lumikizani tiwiri, mumve kulira kwake, kenako mulekanitse. Kabwino kamagwira koma sikalimbana nanu. Pewani toyera tomwe tasanduka chikasu ndi dzuwa, ndi tomwe tili ndi mano a mwana wina. Kunyumba titsukeni ndi sopo wa mbale m'madzi ofunda osapitirira madigiri 40, musefe bwino kuti tating'ono tisapite ndi madzi, muyanike pamthunzi pa chitenje. Amayi wina amene ndimagula kwa iwo anazolowera, akandiona amayamba okha: "Bambo a tinjerwa, lero kulibe, bwerani Lachisanu." Thumba limodzi lotere linali ndi zitseko za nyumba ya mafumu, matayala a thirakitala, mutu wa ng'ona ndi theka la helikopita. Palibe bokosi latsopano limene linasewereredwa kwathu kuposa limenelo.

Alamu anga ndegeyo sanailote. Anaiona pa YouTube, kwa mnyamata wina wa kunja wokhala m'chipinda chodzaza mashelefu, yemwe anaitamanda kwa mphindi 20. Apa mpofunika kudziwa mmene zimayendera. Kampaniyi ili ndi dongosolo lotchedwa LEGO Ambassador Network, ndipo ena mwa olemba ndi ojambula mavidiyo amene ali mmenemo amatumiziridwa mabokosi mwaulere tsiku logulitsa lisanafike. Ambiri amanena poyera kuti bokosili ndapatsidwa koma maganizo ndi anga. Sindikuti amanama. Ena amadzudzula ndithu, makamaka za zomata ndi mitengo. Koma mlendo amene wapheredwa nkhuku, mukamufunsa ngati mchere unakwana, yankho lake mulitenge mosamala. Akufuna adzaitanidwenso. Ndipo ngakhale atakhala woona mtima chotani, pali chinthu chimodzi chomwe sangachimve: ululu wa m'thumba. Akamati mtengowu ndi wokwererapo pang'ono koma n'ngoyenera, iye sanasiye kulipira kalikonse kuti bokosilo libwere. Ambiri amaikanso kalinki pansi pa vidiyo, koti mukagulira pamenepo iwo amalandira kangachepe. Munthu wotere phindu lake lili pa kugula kwanu, osati pa kudikira kwanu.

Wogula ndi ndalama zake ndiye wabwinoko? Pang'ono. Amadandaula momasuka, koma nayenso ali ndi matenda ake. Wina amateteza chimene wagula kuti asaoneke wopusa, wina amakalipa dala chifukwa mkwiyo umakoka oonera. Ndipo onse awiri, wopatsidwa ndi wogula, amajambula tsiku lomwe amanga. Palibe amene amabwerera patatha miyezi 6 kudzatiuza ngati chinthucho chinakhudzidwanso, kapena ngati zomata zinayamba kufutukuka ndi kutentha kwa Okutobala. Ndiye ine mavidiyowo ndimaonera ndithu, bandulo ikalola, koma ndimaonera ngati munthu wogula mbuzi: ndimayang'ana mano, sindimvera mwini wake. Ndimatsitsa mawu, n'kudikira pomwe akhuthula matumba patebulo. Tinjerwa wamba tilipo tingati? Pepala la zomata n'lalikulu bwanji? Chinthucho akachinyamula chikugwedera? Kenako ndimagawa mtengo ndi nambala ya tizidutswa. Okonda zidolezi kunja amakonda kunena kuti masenti 10 pa kachidutswa ndiye pakatikati, ngakhale muyezowu umanamiza ngati bokosi ladzaza ndi tinthu ting'onoting'ono ngati mapira. Pa mafunso amenewa wopatsidwa mwaulere uja amathandiza kwambiri, chifukwa kamera yake ndi yabwino ndipo amaonetsa zonse msanga. Pa funso loti ndigule kapena ayi, ndimakafunsa kholo la kuno lomwe mwana wake wakhala nalo bokosilo chaka chathunthu.

Mwezi watha ndinapitanso ku Mabvuku. Ndege ija ikadali m'kabati, koma mbali imodzi ikuoneka yopepuka. Pansi pa tebulo panali kombi ya mwana uja, ndipo padenga pake panali keriyala yotuwa yomwe sindinaigulepo ine, mfuti ziwiri za ndege zitasanduka mapaipi a utsi. Achemwali anandiponyera diso kuti ndisatsegule pakamwa. Alamu anaiyang'ana kombiyo, anayang'ana kabati, n'kupitiriza kumwa tiyi. Pondiperekeza kokwerera anayenda chete mpaka pa mphambano, kenako anakhosomola.

"Alamu, amayi anu a matumba aja mwati amapezeka Lachingati?"